Makina a Telala ndi Mzungu Wodzuka M'manda

Telala wa pa mzere wathu ku Bangwe anamwalira m'nyengo yozizira, chiperoni chikuwaza. Chifuwa chinamutenga m'masabata awiri okha. Anasiya mkazi, ana atatu, ndi makina osokera akuda aja opalasa ndi mapazi, amene ankakhala pakhonde. Telalayo ntchito yake inali kuyeza ndi kudula nsalu, koma wopalasa weniweni anali mkazi wake. Mayunifolomu a ana ambiri a kumeneko anatuluka pansi pa mapazi a mayi ameneyo.

Tidakali m'siwa, mtembo uli m'nyumba, mkulu wake wa malemuyo anapita pakhonde n'kufunditsa makinawo bulangete, iye n'kukhala pambali pake ngati mlonda. Titabwera kumanda ananena poyera kuti mwezi ukatha, tsiku losudzula mayi wamasiyeyo ndi kugawa katundu, makinawo adzapita kwake. Anthu anangoyang'ana pansi. Aliyense ankadziwa kuti makinawo akachoka, ana atatu aja adzadya khonde.

Mkulu wakeyu anali mesenjala wovala khaki ku ofesi ina ya boma m'tauni. Anali ndi ndevu zapamlomo, kamimba kotsogola, njinga ya mabelu awiri, ndi cholembera m'thumba la malaya chimene sitinamuonepo akulembera. Kusoka sankadziwa, ngakhale batani. Nkhoswe ya mayiyo inali malume ake okalamba a ku Thyolo, amene akaona munthu wovala khaki ankayamba kuwomba m'manja asanamve n'komwe nkhani.

Nyumba yanga ndi ya mayiyo zinkasiyana ndi mpanda wa nsungwi basi. Tsiku lina anabwera ndikuponda nthochi za zitumbuwa, n'kukhala pansi pafupi nane.

"Achemwali, nditani?"

"Sindikudziwa, mnzanga," ndinatero. Ndipo tsiku limenelo sindinkadziwadi.

Tsono kuti mumve zimene ndinachita, ndikuuzeni kaye za vidiyo.

Zaka zimenezo, nthawi ya makhadi a chipani, wailesi yakanema m'dziko muno munalibe. Wofuna kanema ankasamba, n'kuvala bwino, n'kukwera basi kupita m'tauni. Ife tinkangomvera kwa anzathu. Ndiye kunabwera bambo wina amene anagwirapo ntchito ku migodi ya ku Joni, anabwerako ndi vidiyo. Anachita lendi chipinda cha kuseri kwa golosale, pafupi ndi msika, n'kukoka waya wa magetsi kuchokera m'golosalemo. Mawindo anatseka ndi masaka, moti dzuwa lili pamutu, m'katimo munali bii. Anaikamo mabenchi, galasi la vidiyo pamwamba pa mgolo, sipika padenga kuti wodutsa aliyense azimva anthu akuswana.

Ine ndinkagulitsa zitumbuwa pakhomo pomwepo. Chitseko chinali cha malata, ndipo cha kumahinjesi kunali mpata woti dzanja n'kulowa. Ndikakhala pa kampando kanga, beseni pamiyendo, diso limodzi linkayang'ana ogula, linalo mumpatamo. Mafilimu onse ndinawaonera choncho, khosi lili chopendekeka.

Mwini vidiyoyo anali munthu wamantha. Ankadziwa kuti boma silifuna zamanyazi, ndiye ankaima pambali pa mgolo filimu yonse. Pagalasi pakaoneka mzimayi wovala buluku, kapena anthu akayamba kupsompsonana, ankavula chipewa chake n'kuphimba galasilo.

"Chipewa, bwana, chipewacho," anthu ankadandaula.

"Mukufuna ndikagone kundende chifukwa cha milomo ya eni ake?"

Chipewacho chinali chaching'ono, galasi lalikulu. M'mbalimu miyendo inkaonekabe, ndipo azibambo a ndevu zawo ankawerama kuti asuzumire kunsi kwa chipewa, ngati zingathandize.

Makaseti ambiri anali a anthu omenyana mouluka. Koma panali imodzi ya zoopsa, ya mzungu wodzuka m'manda. Amene anaipanga ayenera kuti anali osauka ngati ife tomwe. Manda ake ziliza zinkagwedera munthu akadutsa pafupi, zooneka kuti n'zamakatoni. Nkhalango yonse inali mitengo itatu, anthu ankathamanga n'kumadutsa mitengo yomweyo. Mtembowo nkhope yake inali ngati nkhoko za phala zimene zauma mumphika, magazi ake ngati madzi a chidede. Pena khutu linkagwa, ukaphethira labwereranso. Ndipo pamkono unali ndi wotchi yonyezimira. Potuluka m'dzenje unkatukula mkono umenewo kumaso, kenako n'kuyamba kuyenda manja ali patsogolo, pang'onopang'ono ngati munthu wodwala nyamakazi. Chodabwitsa, anthu othamanga ndi liwiro lonse unkawapezabe.

Kasetiyo inali yotopa. Chithunzi chinkaoneka ngati kukugwa mvula, ndipo tsiku lina mawu anangofa. Azungu ankatsegula pakamwa, koma musipika munkangomveka ngati njuchi ili m'botolo. Anthu anayamba kutuluka akunyinyirika. Ine panja paja ndinali ndikuuza mayi wogulitsa nzimbe zimene ndinkaona mumpata.

"Taonani maliro a azungu. Anthu anayi okha, opanda nyimbo, opanda wolira. Amuika ngati akubzala chinangwa. Munthu angagone bwanji?"

Otuluka aja anaima n'kumamvetsera. Ena anaseka, ena n'kubwerera m'kati, n'kusiya chitseko chotsegula kuti azindimva. Mwini vidiyo anaona zimenezo, ndipo ngakhale anali wamantha sanali wopusa.

"Amayi a zitumbuwa, lowani mukhale apa. Beseni lowani nalo."

"Ine Chingerezi sindichidziwa, achimwene."

"Nanga njuchi ikuyankhula Chingerezi?"

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse masana kaseti ya mzungu inali yanga. Malamulo anali awiri: osatchula dzina la munthu, osatchula boma. Nkhani sindinkaibwereza. Sabata ino mzunguyo wadzuka chifukwa anamuika wopanda bulangete kukuzizira. Sabata inayo wadzuka chifukwa adzukulu anadya nkhuku yonse koma dzenje anakumba lofika m'mawondo. Sabata ina wadzuka chifukwa mkazi wake wakwatiwa ndi kondakitala wa basi maluwa asanafote pamanda. Anthu ankadziwa kuti ndikupeka. Ankabwera kudzamva kuti lero wakwiya ndi chiyani.

Kenako anayamba kundinong'oneza pogula chitumbuwa. "Amayi, Loweruka mumuikemo landilodi wathu, denga likudontha chaka chachiwiri." Ndiye Loweruka mzungu ankadzuka chifukwa bokosi lake likudontha, ndipo wa ndevu mufilimumo ankasanduka landilodi. Landilodi weniweni ali pa benchi, akuseka nawo mano okhaokha. Patapita masiku tinkamva hamala padenga.

Ine zimenezi sindinaziyambe. Kwathu ku Chiradzulu, mwamuna akamavuta, mkazi sankapita kukamuyankha kumaso. Ankadikira nthawi yosinja, n'kumuimba pamtondo, anzake n'kumavomera, mwamunayo ali pakhonde akumva bwinobwino. Dzina lake silitchulidwa. Ndipo mwamuna aliyense wanzeru ankadziwa lamulo lake: nyimbo ya pamtondo siyankhidwa. Umangokhala chete, kapena kuseka nawo, n'kukakonza zinthu mwakachetechete. Ukangoyankha, nyimboyo yasanduka yako mpaka kufa. M'tauni muno tinapeza chigayo, ndipo chigayo sichimveka mawu a munthu. Ine mtondo wanga unasanduka vidiyo.

Mesenjala uja ankakonda vidiyo kwambiri. Ankalowetsa njinga yake m'kati n'kuiyedzamiritsa kukhoma, iye n'kukhala pa benchi lakutsogolo, miyendo tang'a. Za omenyana ndiye zinali zake, ankafotokozera oyandikana naye zimene azungu akunena, kaya zoona kaya ayi. Ya mzungu wakufa ankati ndi ya ana, koma sankaiphonya.

Kutatsala sabata imodzi kuti asudzule mnzanga uja, ndinadzuka Loweruka m'mawa ndikudziwa chochita. Mayiyo sindinamuuze. Ndinkati ndikamuuza andiletsa, ndipo apo ndinaganiza bwino, akanandiletsadi.

Tsiku limenelo munadzaza, ena anakhala pansi. Kunkanunkha thukuta, fodya ndi mafuta a zitumbuwa zanga. Mwini vidiyo anaika kaseti, mvula ija inayamba kugwa pagalasi, azungu anayi ataima pa dzenje.

"Amene akumuika leroyu," ndinayamba, "anali telala."

Wina kumbuyo anatsokomola.

"Telala wabwino, wosadya nsalu za eni ake. Ukamupatsa ya diresi, yotsala ankakubwezera."

"Ameneyo ndiye analidi mzungu," anatero mayi wina, anthu n'kuseka.

"Uyo waima kumanjayo, wa ndevu zapamlomo, wamimbayo, ndi mkulu wake. Taonani maso ake ouma gwa. Anzake akuganiza za malemu, iye akuganiza za pakhonde."

Mufilimumo munalidi mzungu wonenepa wa ndevu. Sindinamuike ine, anamuika ndi Mulungu.

Pa benchi lomaliza pankakhala mdala wina wosoka nsapato kumsika, amene ankandivomera ngati mnzanga wa pamtondo. Iye ndiye anafunsa.

"Amagwira ntchito yanji mkuluyo, amayi?"

"Amanyamula makalata a anzake."

"Iye salemba?"

"Cholembera ali nacho. Akuchisungira ukalamba."

Chipinda chonse chinagwedezeka. Ndinayang'ana benchi lakutsogolo. Mesenjala anali atawongola khosi, akuyang'ana galasi ngati munthu amene sakumva Chinyanja. Mpaka pamenepo ankachita bwino. Akanapitiriza choncho, kaya zikanatha bwanji.

Filimu inafika pamene wonenepa uja akukoka chibokosi chakuda kutsika nacho masitepe, akupukuta thukuta, akucheukacheuka.

"M'menemo muli chiyani, amayi?" anafunsa wosoka nsapato.

"Makina."

"Amadziwa kusoka?"

"Batani lake likaduka amamanga ndi waya."

Kenako panatulukira mzimayi wa buluku akuthamanga, mwini vidiyo n'kuika chipewa. Masiku onse pamenepa ndinkapuma, n'kugulitsako zitumbuwa. Tsiku limenelo ndinapitiriza.

"Kuseri kwa chipewaku kuli mkazi wa malemu. Akufunsa mlamu wake kuti, alamu, makinawa mukatenga, ana atatuwa adzadya chiyani? Mlamuyo sakuyankha. Akufuna chingwe chomangira bokosi."

Pamenepo palibe anaseka. Palibenso anawerama kusuzumira kunsi kwa chipewa. Munthu wina anasuntha phazi, ndipo zinamveka chipinda chonse.

Chipewa chitachoka, dothi la pamanda linayamba kugwedezeka. Dzanja linatuluka, kenako mutu wa nkhoko uja, kenako mkono wa wotchi unakwera kumaso.

"Akuona nthawi," ndinatero. "Akuti, aa, mwezi sunathe n'komwe."

Mtembo unayamba kuyenda, manja patsogolo.

"Manjawo atambasuliranji, amayi?"

"Paja ndi telala. Akupita kukamuyeza mkulu wake malaya omaliza."

Apo ndiye mesenjala anaimirira. Anaima kutsogolo kwenikweni kwa galasi, n'kutembenukira anthu, chala chili m'mwamba.

"Bodza limenelo. Makina amenewo anagula ndi bambo athu. Si a mkaziyo ayi."

Munakhala zii, njuchi yokha ikulira musipika. Ine mumtima ndinati, mwana wa eni ake, amayi ako sanakuphunzitse za mtondo.

Wosoka nsapato anayankhula mofatsa kwambiri. "Achimwene, ife timaonera azungu. Bambo anu anali mzungu?"

Anthu anagwa pa mabenchi. Mayi wina anaseka mpaka mwana kumsana anadzuka n'kuyamba kulira. Wina pakona anati, "Wakwiya ndi mfiti," ndipo zinangowonjezera moto.

Mesenjala anandiloza. "Mayi inu, mukunena ine."

"Ine ndikunena wa pagalasiyo, bambo. Inu muli pagalasi?"

"Panopa ali pagalasi," anatero wosoka nsapato. "Takhalani pansi, achimwene, mukutitchinga."

Choipa kwambiri iye sankachiona. Mtembo unali ukubwera molunjika, ukukula pagalasi, ndipo mutu wa mesenjala unaphimba pakati. Ife tinkangoona manja awiri otuwa, lina kukhutu lake lamanja, lina lamanzere, zala zikugwedera. Anthu ankaloza, mawu osatuluka chifukwa cha kuseka. Atacheuka n'kukumana ndi nkhope ya nkhoko ija pafupi ndi mphuno yake, anadumpha pang'ono. Pang'ono pokha, koma tonse tinaona.

Anatenga njinga yake, mabelu onse awiri akulira pogunda mabenchi. Pakhomo anaima.

"Kaseti imeneyi ilibe chidindo cha boma. Lolemba muona."

Mawu amenewo masiku amenewo sanali oseketsa. Mwini vidiyo anazimitsa pomwepo, filimu isanathe. Anthu atatuluka anatenga kasetiyo, n'kuikulunga m'nyuzi, n'kukaiponya m'chimbudzi cha kuseri kwa golosale. Mzungu uja anaikidwa kachiwiri, ndipo ulendo uno dzenje linali lakuya, sanadzukenso. Pobwerako mwini vidiyoyo anandiyang'ana.

"Amayi, ndinati osatchula munthu."

"Ndatchula ndani?"

"Nyamulani beseni lanu. Pakhomo pano ndisakuoneninso."

Ndinasamukira pa chigayo, pamene zitumbuwa zimatuwa ndi ufa ndipo palibe chooneramo. Lolemba linafika, n'kudutsa. Palibe anabwera. Ndikuganiza kuti mesenjalayo anaona kuti akakanena, akamufunsa kuti mayiyo ananena chiyani, ndipo akayenera kuifotokoza yekha nkhani yonse, ndi waya wa batani womwe.

Koma nkhani inali itatuluka kale, ndipo nkhani ikafika pampopi imasamba n'kuvala zina. Lachiwiri amayi otunga madzi ankati azungu anajambula telala weniweni akutuluka m'manda. Lachinayi ankati makina a pa mzere wathu akumapalasa okha kunsi kwa bulangete, wina anawamva ndi makutu ake. Kumsika, azibambo a mawilibala akaona mesenjala akudutsa ankatambasula manja patsogolo n'kumufunsa mwaulemu, "Bwana, tikuyezeni?"

Lachinayi lomwelo mkazi wa mesenjala anandipeza pa chigayo. Anali mayi wamtali, wa kwaya, wosakonda zolankhulalankhula. Anagula chitumbuwa chimodzi, osachidya, n'kunjuta pafupi nane.

"Amayi, ndiuzeni zoona. Mufilimumo wa ndevuyo anathera pati?"

Apa sindinafunike kupeka. "Anamupotokola khosi mpaka nkhope inayang'ana kumsana."

Anasendera pafupi. "Nanga mkazi wake?"

Mufilimumo wonenepayo analibe mkazi. Ndikanatha kunena choncho, mayiyo n'kupita kwawo mtima uli m'malo. Ndinayang'ana chitumbuwa chili m'manja mwake, ndinayang'ana ufa uli pamapazi anga.

"Pamenepo panali chipewa, mayi. Sindinaone bwino."

Anaimirira n'kumapita, chitumbuwa chili m'manja.

Ndinabwerera kunyumba ndikudziona ngati munthu wanzeru kwambiri m'Bangwe monse. Ndinapeza mnzanga wamasiye uja ataima pa mpanda akundidikira, mpango wakuda kumutu. Sanalowe.

"Achemwali, n'zoona zimene ndikumvazi?"

"Ndimafuna kukuthandizani, mnzanga."

"Mwamuna wanga sanathe mwezi m'manda. Mwamudzutsa, mwamuyendetsa pamaso pa anthu a msika wonse, akuseka. Lero mwana wanga wamkazi wabwera kusukulu akulira. Anzake akumufunsa ngati n'zoona kuti bambo ake khutu linagwa."

Ndinatula beseni pansi.

"Ine ndinakupemphani nzeru," anatero. "Sindinakupempheni gule."

Anatembenuka n'kulowa m'nyumba mwake. Zoti kuseri kwa telala wanga wopeka kuli telala weniweni, amene ana ake ankamudziwa nkhope, ndinali ndisanaziganize. Ndinkangoona mesenjala. Abambo a kunyumba kwanga, amene anamva zonse ali m'kati, anangoti, "Mwaponya mwala pagulu, ndiye mukudabwa kuti wagwera wachibale."

Tsiku losudzula sanandiitane. Ndinakhala kuseri kwa mpanda wanga ndi lichero la nyemba zimene ndinasankha katatu. Nsungwi zathu zinali ndi mipata, ndipo khosi langa linali lozolowera.

Katundu anamutulutsa pabwalo m'mawa: bedi, wailesi, simbi ya makala, majekete awiri, sizasi yaikulu yodulira nsalu, ndi makina, adakali m'bulangete. Anthu anabwera ambiri kuposa amene amabwera pa zoterezi, ena oti telalayo sanawasokerepo ngakhale thumba. Mesenjala anafika mochedwa akukankha yekha wilibala yobwereka. A mawilibala onse anali atamukana, wina akuti msana, wina akuti tayala.

Akuluakulu anayankhula zawo, mayiyo anamasulidwa, anamupatsa mawu oti ukwati watha mwamtendere. Kenako anafika pa katundu. Mesenjala anaimirira, n'kukonza lamba wa buluku, n'kupita pa makina. Atangogwira bulangete, mkazi wake anayankhula ali pa mkeka pakati pa azimayi. Sanakweze mawu.

"Abambo, makinawo akalowa m'nyumba mwanga, ine ndituluka. Musankhe wogona naye."

Anthu anayang'ana pansi, mapewa akugwedera. Mayi wina anadziluma chitenje.

"Iwe, zimenezo n'za mufilimu," anatero mesenjala.

"Inu munaiyankha filimuyo. Ine sindinaliko."

Apo malume okalamba a ku Thyolo, ataona kuti khaki yafewa, anapeza mawu amene anawasowa mwezi wonse. Anawomba m'manja kaye, poti chizolowezi sichitha.

"Bwana, pepani, ine ndine munthu wamba. Koma kapena makinawa akanakhala pompano, azilera ana a m'bale wanu. Inu muzingobwera kudzawaona ngati akuwathira mafuta."

Mesenjala anayang'ana malumewo, anayang'ana mkazi wake, anayang'ana gulu. Kumbuyo kwa gulu wosoka nsapato anali atangoima, manja ali m'thumba, koma aliyense ankadziwa kuti akhoza kuwatulutsa nthawi iliyonse.

"Ine makina sindinawafunepo," anatero mesenjala. "Ndimafuna kuwasungira ana kuti asaonongeke. Koma poti anthu a kuno muli ndi pakamwa, akhale."

Kenako anabwezera ukali wake pa zotsalazo. Anatenga wailesi, majekete onse awiri, simbi, sizasi, ndi bedi. Atamanga zonse pa wilibala, anabwerera pa makina, anavundukula bulangete, n'kuvula lamba wachikopa amene amazunguza gudumu. Anamupinda n'kumuika m'thumba, pafupi ndi cholembera.

"Lamba uyu ndinagula ndine," anatero. Bulangete nalo anatenga.

Tinamuona akutsetsereka ndi wilibala mumsewu wa miyala uja, bedi likupendekera uku ndi uku, mkazi wake akuyenda patsogolo patali ngati sakumudziwa.

Mnzanga anagona pa mkeka ndi ana ake. Lamba anamudulira ndi wosoka nsapato, pa chikopa chakale. Sizasi anabwereka kwa telala wina wa ku msika mpaka anapeza yake. Tsiku lachitatu m'mawa ndikukazinga zitumbuwa ndinamva phokoso lija kuseri kwa mpanda, makina akuthamanga, akuima, akuthamanganso. Ndinaimirira ndi chipande m'manja mpaka zitumbuwa za mu chiwaya zinapserera.

Koma moni sanandipatse. Ndikadutsa ankaweramira pa singano. Ndikatumiza zitumbuwa kwa ana, mbale inkabwera yotsuka, popanda mawu. Nyengo yotentha yonse inatha choncho, ndipo ine sindinadandaule kwa munthu, chifukwa mlandu ndinkaudziwa.

Mvula yoyamba itagwa, tsiku lina ndikubwera ku chigayo, beseni pamutu, ndinadutsa pakhonde pake monga mwa masiku onse. Bulauzi yanga inali itang'ambika kukhwapa, ndipo ndi dzanja lili m'mwamba kugwira beseni, dziko lonse linkaona. Makina anaima.

"Achemwali."

Ndinaima.

"Kavuleni chimenecho mubweretse. Mukuyenda ngati mulibe anansi."

Sanadzutse mutu. Ndinapita kukavula, n'kubwera nayo, n'kukhala pansi pakhonde ndikudikira ngati mwana wasukulu. Anaisoka osandiyang'ana, anadula ulusi ndi mano, n'kundiponyera pamiyendo. Nditakaivala kunyumba ndinapeza kuti waibweza m'mbali monse muwiri. Inkandithina pachifuwa moti ndikayankhula mawu ambiri mpweya unkandithera. Mayi amene uja sankalakwitsa muyezo. Ndinaivala choncho mpaka inatha.